Musathamangire format, kompyuta yanu mwina sinawonongeke, zinthu zangosamuka malo

Sabata yathayi kunabwera aphunzitsi ena aakazi ku kashopu kanga kuno pa Dedza boma, achokera cha ku Bembeke uko, m'mawa kuli kachisanu kathu kaja koumitsa zala, laputopu ataikulunga m'chitenje. Kungofika akuti achimwene ndithandizeni, makina awa andizunguza mutu, mungowapanga format basi, kufufuta zonse nkuyikamo Windows mwatsopano. Ndinafunsa kuti chavuta ndi chani madam? Akuti mwana wawo wa ku Lilongwe wawagulira laputopu yatsopano, yakale ija inali ya Windows 7 ndipo anaizolowera zaka ndi zaka, koma iyiyi My Computer palibe, akadina kumanja pa fayilo mawu oti Copy ndi Rename sakuoneka, pulinta ya kusukulu ikukana, ndiye bandulo yomwe anagula Lachisanu madzulo pofika Loweruka m'mawa inali itatha psiti. Wina anawauza kuti imeneyo ndi vayirasi. Tinakhala pansi osakwana ola limodzi, sitinafufute kanthu, anabwerera ma scheme awo ndi mayeso a Standard 7 zonse zili momwemo.

Nkhani ngati iyi ndimakumana nayo pafupipafupi ndipo imandipweteka, chifukwa ena amafika kwa ine atapanga kale format kwina, zithunzi za ukwati zapita, malipoti a mpingo a zaka zisanu apita, kenako makina aja akuoneka chimodzimodzi ngati kale poti vuto silinali vayirasi. Ndiye ndati ndilembe zomwe ndimaona kawirikawiri, muziyesa kaye nokha kunyumba.

Choyamba dziwani kuti muli ndi Windows iti, anthu ambiri sadziwa. Dinani batani la Windows, lija lili ndi kazenera pansi kumanzere kwa kiyibodi, pamodzi ndi R, kabokosi kakatuluka lembani winver nkudina Enter, ikuuzani pompo. Ambirife tinaphunzirira pa XP ya 2001 kapena Windows 7 ya 2009, ndipo manja athu anasunga njira za mmenemo. Mu 2012 kunabwera Windows 8 yomwe inachotseratu batani la Start nkuyika matayilosi sikirini yonse, anthu anadandaula dziko lonse mpaka mu 2013 pa 8.1 batani linabwerera. Windows 10 ndi ya 2015, Windows 11 ya October 2021. Ulendo uliwonse zinthu zina zimasuntha, zina kusintha dzina, ndiye munthu amene wadumpha kuchoka pa 7 kufika pa 11 zili ngati wapita pa msika wa Lizulu nkupeza a kachewere akhala pomwe pamakhala a tomato, katundu alipo yense koma uyenera kufunsa.

My Computer ija dzina lake pano ndi This PC. Njira yachidule ndi batani la Windows ndi E, imeneyi imagwira pa Windows iliyonse kuyambira kalekale. Ngati mukufuna kachithunzi kake kakhale pa desktop ngati kale pitani ku Settings, Personalization, Themes, mutsike mupeze Desktop icon settings, chongani Computer ndi Recycle Bin basi. Batani la Start lomwe pa 11 lili pakati nalo limabwerera kumanzere, dinani kumanja pa kampata kopanda kanthu pa taskbar, kamzere kaja ka pansi pa sikirini, Taskbar settings, Taskbar behaviors, pa Taskbar alignment sankhani Left. Madam aja titangochita ziwirizi nkhope inamasuka, akuti tsopano ndiye yayamba kuoneka ngati kompyuta. Control Panel nayo sinafe, Windows ndi R mulembe control ituluka, kungoti zambiri akuzisamutsira ku Settings pang'onopang'ono nchifukwa chake nthawi zina mumadina chinthu mu Control Panel nkukuponyani ku Settings, si kuwonongeka kumeneko. Ndipo mukasowa chinthu chilichonse ingodinani batani la Windows nkuyamba kulemba dzina lake, printer, mouse, sound, chimabwera chokha.

Za kudina kumanja zija. Pa Windows 11 Cut, Copy, Rename ndi Delete anazisandutsa tizithunzi ting'onoting'ono tili pamzere umodzi pamwamba kapena pansi pa menyu, kasizasi ndi Cut, timapepala tiwiri ndi Copy, kabini ndi Delete. Pa mtundu wa Windows 11 wa 2024 wotchedwa 24H2 anawonjezera mawu pansi pa tizithunzito koma laputopu yanu itha kukhala ikadali pa yakale yopanda mawu. Pansi penipeni pali Show more options, mukadina pamenepo menyu yakale yonse ija imabwera, Send to yomwe timatumizira fayilo ku fulashi ili mmenemo. Kapena gwirani Shift podina kumanja. Ine ndimalimbikitsa anthu kuti angoloweza Ctrl ndi C, Ctrl ndi V, F2 posintha dzina, izi sizinasinthepo ndipo ndi zomwe zimakupulumutsa ukakhala pa makina a eni ake.

Tsopano nkhani ya bandulo, apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe pamapita ndalama. Pa Windows 7 munthu umatha kusankha kuti ma apudeti asamabwere okha, umauzidwa kaye. Kuyambira Windows 10 makina amadzitengera okha akangoona intaneti, ndipo akaona Wi-Fi amaganiza kuti ndi intaneti yopanda malire ngati ya mu ofesi, sadziwa kuti imeneyo ndi hotspot ya foni yanu ndipo mwagula ka 1GB koti katumize lipoti limodzi. Apudeti yaikulu imatha kupitirira pamenepo yokha. Mankhwala ake ndi kuuza makinawo kuti netiweki iyi ndi yolipira pa mlingo. Lumikizani hotspot ija, pitani ku Settings, Network & internet, Wi-Fi, dinani dzina la hotspot yanu kapena Properties, mupeza Metered connection, pa Windows 10 analemba Set as metered connection, yatsani. Chitani izi musanatsegule china chilichonse, masekondi oyamba omwewo. Chomwe anthu amaiwala nchakuti zimenezi zimagwira pa netiweki imodzi imodzi, mukabwereka hotspot ya alamu anu muyenera kuyatsanso, mukasintha dzina la hotspot pa foni yanu muyatsenso chifukwa makina amaiona ngati yachilendo. Ndipo mukalumikiza foni ndi chingwe cha USB imaoneka ngati Ethernet osati Wi-Fi, ndiye pitani pa Ethernet mukayatse kumeneko. Ku Windows Update kulinso Pause updates, mutha kuimitsa mpaka masabata 5.

Koma ndisakunamizeni kuti ma apudeti ndi oipa ayi, ndi amene amatseka mipata yomwe mavayirasi amalowera. Kamodzi pamwezi pezani malo a Wi-Fi yabwino, batire litadzaza, chaja ili pafupi, muisiye imalize. Ikalemba kuti musazimitse musazimitse ndithu ngakhale ichedwe, ndipo ngati batire lanu linafa loti magetsi akangothima laputopu nayo yathima, musayambe apudeti nthawi yomwe mukudziwa kuti magetsi kwanuko amavuta, kudukiza pakati ndi komwe kumawonongadi Windows zenizeni.

Pulinta. Vuto la madam aja linali laling'ono, akadina Print palibe chotuluka koma kabokosi kofunsa dzina la fayilo. Makina anali atasankha Microsoft Print to PDF m'malo mwa pulinta yeniyeni. Kuyambira pa 10 pali kasetingi koti Let Windows manage my default printer, kamapangitsa kuti pulinta yomwe mwagwiritsa ntchito komaliza ikhale yoyamba, ndiye tsiku lina mukasunga kalata ngati PDF basi mawa lake zonse zikupita komweko. Pa 11 kali ku Settings, Bluetooth & devices, Printers & scanners, pa 10 ndi Devices kenako Printers & scanners. Kathimitseni, dinani pulinta yanu, Set as default. Ngati mapepala angounjikana pamzere osatuluka ndipo Cancel ikukana, Windows ndi R lembani services.msc, pezani Print Spooler muyimitse, tsegulani foda ya C:\Windows\System32\spool\PRINTERS mufufute zonse zili mkatimo koma foda yakeyo muisiye, kenako Print Spooler ija muiyatsenso. China, ka CD kaja kanabwera ndi pulinta zaka khumi zapitazo nthawi zambiri sikathandiza, Windows 11 ndi ya 64-bit yokhayokha ndiye ma driver akale a 32-bit, timapulogalamu toyendetsera pulinta tomwe tili pa CD-po, salowa, onani nambala ya pulinta kutsogolo kwake mukatenge driver pa webusayiti ya kampani yomwe inapanga, osati mawebusayiti ena aja odzaza mabatani a Download.

Pali china chomwe ngakhale anzanga ena okonza makompyuta sachidziwa bwino. Munthu amati ndazimitsa ndayatsa kangapo koma sound sikubwera, kapena Wi-Fi yasowa. Kuyambira Windows 8 mukadina Shut down makina sazimiratu, amasunga mbali ina ya momwe analili kuti akadzuke msanga, amati Fast startup, ndiye vuto lija nalo limasungidwa nkudzuka nalo limodzi. Restart ndi yomwe imayambiradi pachiyambi. Mukafuna kuona ndi maso anu dinani Ctrl, Shift ndi Esc, pitani pa Performance, CPU, muone Up time, ndinaonapo laputopu ikuonetsa masiku oposa 20 pomwe mwini wake amazimitsa usiku uliwonse. Ndiye chinthu chikavuta yambani ndi Restart. Kapena gwirani Shift podina Shut down. Kuchotseratu ndi ku Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, dinani Change settings that are currently unavailable, muchotse chizindikiro pa Turn on fast startup.

Mafayilo kusowa, apa pali mitundu iwiri ndipo musaisokoneze. Woyamba ndi wa fulashi, uwu ndi vayirasi yeniyeni ija imayenda m'mashopu opulintira ndi m'maofesi, mafoda onse asanduka ma shortcut kapena fulashi ikuoneka yopanda kanthu koma ikuonetsa kuti ndi yodzaza. Mafayilo anu alipo angobisidwa, ma shortcut-wo musawadine. Poonetsa zobisika pa 7 timapita ku Organize, Folder and search options, pa 10 ndi View nkuchonga Hidden items, pa 11 ndi View, Show, Hidden items, malo atatu osiyana chinthu chimodzi. Koma nthawi zambiri izi zokha sizikwana poti vayirasiyi imawapatsa chizindikiro cha mafayilo a system. Pangani scan kaye ndi Windows Security yomwe ili kale mu 10 ndi 11, kenako Windows ndi R lembani cmd nkudina Enter, pa kazenera kakuda katulukeko mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* pomwe pali E muyike chilembo cha fulashi yanu, mipata ija muisunge momwemo. Dikirani pang'ono mafoda abwerera, akopereni pa kompyuta, ndiye apo fulashiyo mutha kuipanga format, fulashi yokha osati laputopu.

Mtundu wachiwiri ndi wa OneDrive ndipo uwu ndi watsopano kwa ambiri. Laputopu ikatsegulidwa koyamba ndi akaunti ya Microsoft, nthawi zambiri Desktop, Documents ndi Pictures zimalumikizidwa ku OneDrive, kutanthauza kuti zikusungidwanso pa intaneti. Ndi chinthu chothandiza laputopu ikabedwa, koma kwa ife a bandulo chili ndi mbali ziwiri zovuta, chimadya data potumiza zithunzi, komanso mafayilo ena amatsala pa intaneti pokha. Yang'anani pambali pa dzina la fayilo, mukaona kamtambo ndiye kuti fayiloyo mulibe m'makinamo, mukafika kumudzi kopanda netiweki siitseguka. Kachizindikiro kobiriwira ndiye kuti ilimo. Mlembi wina wa mpingo wa cha ku Linthipe anabwera thukuta lili kamukamu Loweruka, pulogalamu ya Lamulungu ikukana kutseguka, inali nkhani yomweyi, titalumikiza intaneti inatseguka bwinobwino. Foda yomwe mumaifuna nthawi zonse dinani kumanja musankhe Always keep on this device muli pa intaneti. Malo aulere ndi 5GB okha, akadzaza imayamba kudandaula ndi mauthenga ofiira, si vayirasi. Mukafuna kusiya pitani mu settings ya OneDrive, Sync and backup, Manage backup muthimitse, koma dziwani kuti mukathimitsa Desktop itha kuoneka yopanda kanthu, musakomoke, mafayilo atsala mu foda ya OneDrive mkati mwa C:\Users pa dzina lanu, muwasamutse nokha. Ndipo musafufute zinthu mu foda ya OneDrive poganiza kuti mukuchotsa za pa intaneti zokha, zimachoka mbali zonse, ngakhale bini ya pa webusayiti yawo imasunga masiku 30.

Ichi chotsatirachi chonde chitani lero lomwe ngati muli ndi Windows 11. Ma laputopu ambiri atsopano amabwera hard disk itakhomedwa ndi BitLocker kapena Device encryption mwini wake osadziwa, makamaka kuyambira 24H2. Tsiku lililonse simuona kusiyana, koma tsiku lomwe china chasintha mkati, mwina mwakonzetsa bodi kapena BIOS yasinthidwa, pamabwera sikirini ya buluu yofuna recovery key ya manambala 48. Popanda manambala amenewo palibe katswiri pa Dedza, ku Ntcheu ngakhale ku Lilongwe amene angatulutse mafayilo anu, ine sindingathe ndipo wokuuzani kuti atha akufuna ndalama zanu chabe. Kiyi imakhala mu akaunti ya Microsoft ya munthu amene anatsegula laputopuyo koyamba, ndiye ngati anakutsegulirani mwana wanu kapena wogulitsa, ili kwa iyeyo. Onani ku Settings, Privacy & security, Device encryption ngati ndi yoyatsa, kenako lowani pa account.microsoft.com mupeze recovery key, muilembe m'kope lomwe mumasunga bwino kunyumba, osati mu laputopu momwemo. Madam aja tinayimbira mwana wawo pompo, anatumiza pa WhatsApp, anakopera kuseri kwa kope la ma record.

Tina ting'onoting'ono mwachangu. Wi-Fi, voliyumu ndi batire pa 11 anaziphatikiza malo amodzi, Windows ndi A, ndipo mndandanda wa ma netiweki uli pa kamuvi kali pambali pa chizindikiro cha Wi-Fi, mukadina chizindikiro chenichenicho mukuthimitsa Wi-Fi, ambiri amagwa pamenepa. Internet Explorer inapuma mu June 2022, yalowa m'malo ndi Edge. PDF ikamatsegukira mu Edge pomwe inu mukufuna pulogalamu ina, dinani kumanja, Open with, Choose another app, musankhe nkudina Always. WordPad anaichotsa pa 24H2, musavutike kuisaka. Kujambula sikirini ndi Windows, Shift ndi S. Ndipo kwa alembi amene mumafuna ŵ wa Malaŵi, mu Word lembani 0175 nkudina Alt ndi X.

Funso lomwe ndikufunsidwa kwambiri pano ndi la Windows 10, poti Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 October 2025 ngati momwe inasiyira Windows 7 pa 14 January 2020. Kompyuta siizima ayi, Word ndi Excel zigwirabe, chomwe chasiya ndi ma apudeti achitetezo aulere a nthawi zonse, kupatula amene analembetsa ku ESU, dongosolo la Microsoft lowonjezera nthawi ya ma apudetiwo, lomwe poyamba analengeza kuti lifika 13 October 2026. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM yosachepera 4GB, malo 64GB, ndipo kwa Intel purosesa ya 8th generation kupita mtsogolo, ndiye ma laputopu ambiri a kaunjika omwe tili nawo kuno, ma Core i5 a 4th kapena 6th generation aja, sakwanira. Alipo amene amaikakamiza kulowa ndipo imalowadi, koma ine maganizo anga ndi oti pa makina a 4GB ndi hard disk yozungulira yakale ija mungodzipatsa mtima wapachala, kutsegula foda kokha mpaka kudikira. Bola mugule SSD, disk yothamanga yolowa m'malo mwa yozungulira ija, kusintha kwake mumakuona tsiku lomwelo. Amene ntchito yawo ndi kutayipa ndi intaneti basi ndawayikirapo Linux Mint, ndi yaulere, menyu yake ili pansi kumanzere ngati Windows 7 ndipo imabwera ndi LibreOffice, koma yesani kaye pulinta yanu ndi mafayilo anu a Excel musanasamuke, ena amasokonekera maonekedwe. Ngati mwakwera kuchoka pa 10 kupita pa 11 ndipo simukuikonda muli ndi masiku 10 okha obwerera, Settings, System, Recovery, Go back, akadutsa batani limenelo limafa.

Nthawi yomwe ndimavomera kuti apa ndiye pavutadi ndi pomwe laputopu ikulira tiki tiki mkati ngati wotchi, mafayilo akukana kukopeka pakati, kapena sikirini ya buluu kapena yakuda yonena kuti Windows yakumana ndi vuto ikubwera kangapo pa tsiku ngakhale mwapanga Restart. Pamenepo si za kusamuka kwa mabatani, mwina hard disk ikufa, ndipo format siichiza. Musaiyatseyatse, pezani fulashi yaikulu kapena external mukopere Documents, Desktop, Pictures ndi Downloads, yambani ndi zomwe simungazipezenso kwina, mafilimu ndi nyimbo zibwere pambuyo. Mukapita nayo kwa okonza muwauze kuti asafufute kanthu musanaone ndi maso anu kuti mafayilo akutseguka kuchokera pa fulashiyo, tsegulani awiri atatu muli pomwepo.